Chikwama cha maenvulopu a ndalama: kodi chimaletsadi ngongole ya khadi?

Chikwama chimenechi chimapangidwa ndi makampani ambiri, ndipo kusiyana kwake n'kochepa. Kunja kwake ndi chikopa chochita kupanga chimene amachilemba kuti PU, chotsekera chake ndi kabatani kapena maginito. M'kati muli timphete tachitsulo 6 timene timagwira timatumba tapulasitiki toonekera m'kati, kalikonse ndi zipi yake. Kawirikawiri mumabwera timatumba 8 mpaka 12, timapepala tomata tolembapo dzina la kathumba, ndi timakhadi ta mizeremizere tolembapo ndalama zolowa ndi zotuluka. Kagwiritsidwe ntchito kake n'kotere: mukalandira malipiro mumakatapa ndalama zimene mwakonza kuwononga, n'kuzigawa m'timatumbamo, ndipo pogula zinthu mumatenga m'kathumba koyenera m'malo motulutsa khadi la ngongole. Kathumba kakatha, kugula kwa mtundu umenewo kwatha mpaka malipiro ena.

Njirayi ndi yakale. Anthu ankagawa malipiro m'maenvulopu apepala makhadi asanabwere n'komwe. Khadi la Diners Club linayamba mu 1950, ndipo la BankAmericard, limene linadzasanduka Visa mu 1976, linatuluka mu 1958. Chatsopano ndi chikwamachi, chimene chatchuka chifukwa cha mavidiyo a pa TikTok ndi YouTube oonetsa anthu akulonga ndalama m'timatumba tokongola. Kukongolako kusakukopeni. Chikwamachi chimagwiradi ntchito, koma pa mbali imodzi yokha ya bajeti, ndiponso ngati simukuyenda nacho chonse kulikonse kumene mukupita.

Chimene chimachipatsa mphamvu choyamba ndi mtima wa munthu polipira. Ndalama yapepala ikamachoka m'manja imapweteka, ndipo yotsala mumaiona ndi maso. Khadi limachotsa ululu umenewo, chifukwa kulipira kwenikweni kumadzachitika patapita masabata, zinthu zonse zitasakanikirana pa sitetimenti imodzi. Mu 2001, Drazen Prelec ndi Duncan Simester a ku yunivesite ya MIT ku United States anafalitsa kafukufuku amene anauza ophunzira kuti apikisane potchula mtengo umene angalipire pa matikiti a masewera a timu ya basketball ya Boston Celtics. Ena anauzidwa kuti wopambana adzalipira kashi, ena khadi. A khadi anatchula mitengo yokwera pafupifupi kawiri. Izi sizikutanthauza kuti mukayamba kulipira kashi ndalama zogulira chakudya zitsika ndi theka, chifukwa matikiti osowa si zinthu zogula tsiku ndi tsiku. Zikungosonyeza kuti munthu yemweyo amaona mtengo mosiyana malinga ndi chimene wagwira m'manja.

Chifukwa chachiwiri ndi chimene ogulitsa zikwamazi satchula, komatu ndicho chachikulu kwa munthu amene ali kale m'ngongole. Makhadi ambiri amapereka masiku angapo opanda chiwongoladzanja pa zimene mwagula. Ku United States, mwachitsanzo, lamulo la 2009 limati pakhale masiku osachepera 21 kuchokera pamene sitetimenti yatumizidwa kufika tsiku lolipira. Koma mwayi umenewu umagwira pokhapokha ngati ngongole ya mwezi wapitawo munailipira yonse. Mukangosiyako kangachepe, makhadi ambiri amayamba kuwerengera chiwongoladzanja pa chilichonse chatsopano kuyambira tsiku lomwe mwachigula. Sopo wa lero, mafuta a galimoto a mawa, zonse zimayamba kubereka nthawi yomweyo. Munthu amene akubweza ngongole ya khadi kwinaku akugulirabe pa khadi lomwelo amakhala akulipira chiwongoladzanja pa zinthu zimene anali nazo ndalama zake zogulira. Chikwamachi chimadula zimenezi, chifukwa kugula kwatsopano kumachoka pa khadi ndipo ngongole imatsala yokha, ikuyenda njira imodzi yotsika.

Masamu ake ndi awa. Tiyerekeze ngongole ya 1,000, m'ndalama ya dziko lililonse, pa chiwongoladzanja cha 24 peresenti pachaka. Pamwezi ndi 2 peresenti, kutanthauza 20. Mukamalipira 25 mwezi uliwonse, 5 yokha ndi imene imatsitsa ngongole m'mwezi woyamba, ndipo mudzamaliza patapita miyezi 82 mutalipira zoposa 2,000. Mukamalipira 50, mumaliza m'miyezi 26 ndipo chiwongoladzanja chonse chimakhala pafupifupi 290. Mukamalipira 100, mumaliza m'miyezi 12, chiwongoladzanja pafupifupi 127. Kuchoka pa 25 kufika pa 50 ndi kuwonjezera 25 basi pamwezi, koma zaka zoposa zinayi zimachoka. Ndalama yaing'ono ngati imeneyi ndi imene timatumbati timathandiza kuipeza. Samalaninso ndi kanambala ka malipiro ochepetsetsa kamene banki imalemba pa sitetimenti. Neil Stewart wa ku yunivesite ya Warwick anaonetsa mu 2009 kuti kungokaona kanambalako kumakokera pansi ndalama imene anthu amasankha kubweza.

Tibwere pa chinthu chenichenicho, chifukwa zikwama zambiri zotsika mtengo zimawonongeka pamalo amodzimodzi.

Yambani ndi kukula kwake. Zambiri zimalembedwa kuti A6, koma dzinali limanamiza. Pepala lenileni la A6 ndi mamilimita 105 m'lifupi ndi 148 m'litali, pamene dola ya ku United States ndi yaitali mamilimita 156, ndiye kuti singalowe osaipinda. Zikwama zambiri zogulitsidwa ndi dzina la A6 n'zotalikirapo, timatumba take timafika masentimita 17 kapena kuposerapo. Musanagule, yezani ndalama yapepala yaikulu kwambiri imene mumagwiritsa ntchito, ndipo kathumbako kapose ndi sentimita imodzi kapena ziwiri kuti zipi isamalume m'mphepete mwa ndalama. Vuto lina limadzaonekera pogula timatumba towonjezera. Mpata wa pakati pa timphete titatu takumtunda ndi titatu takumunsi umasiyana: zina ndi mamilimita 38, zina 51. Timatumba ta mtundu wina sitingalowe m'chikwama cha mtundu winawo ngakhale onse atalembedwa A6.

Timphete ndiye mtima wa chikwamachi. Titsekeni n'kuyang'ana pamene mano ake amakumana. Ngati pali kampata, kapena dzino lina likudutsa pambali pa linzake, musagule, chifukwa kathumba kazikodwa pamenepo nthawi iliyonse mukamatembenuza ndipo mabowo ake adzang'ambika. Potsekula, dinani timakutu tachitsulo timene tili kumapeto onse awiri. Anthu ambiri amakoka timphete tenitenito ndi zala, ndipo ndi mmene timapindikira. Timphete tating'ono, ta pansi pa masentimita 2, sitinyamula timatumba 12 tokhala ndi ndalama ngakhale kuti tonse tinabwera m'bokosi limodzi. Zipi iliyonse imatenga malo kuposa ndalama zimene zili m'kati, ndipo mukadzaza tonse chikwama chimakana kutsekeka.

Timatumba tambiri ndi ta pulasitiki yofewa yotchedwa PVC. Ubwino wake mumaona ndalama osatsekula, ndipo kuonako ndi theka la ntchito ya chikwamachi. Kuipa kwake kulipo kuwiri. Kapulasitiki kotsekulira zipi kamangotsetsereka pamwamba, ndiye mukakoka mwamphamvu kamavuka kumapeto; kamabwezereka, koma kakavuka kangapo zipi simamanganso. Chachiwiri, pulasitiki yofewayi imadana ndi malisiti amene amasindikizidwa ndi kutentha, aja osalala a m'makina a m'masitolo. Lisiti likakhala logundana ndi PVC kwa nthawi, zolemba zake zimafufutika. Lisiti la katundu amene mungadzafune kubweza musaliike m'kathumbamo. Lijambuleni pafoni kapena lisungeni mu envulopu yapepala. Ndalama zachitsulo nazonso sizigwirizana ndi timatumbati. Zimalemera, zimasonkhana pansi, n'kung'amba msoko. Zipezereni kachikwama kansalu kapadera.

Chikopa cha PU chimasupuka pakapita nthawi, makamaka pamalo opindika ndiponso kumalo otentha ndi achinyontho. Zimenezi zimangowononga maonekedwe, ntchito ayi, choncho si chifukwa chogulira chodula. Timakhadi tolembapo timene timabwera ndi chikwama timatha msanga, koma pepala lililonse lodula bwino limalowa m'malo mwake. Chofunika ndi mizere inayi: tsiku, chimene mwagula, ndalama yotuluka, yotsala.

Kulephera kwa anthu ambiri kumayambira pa kugawa ndalama, osati pa chikwama. Musayambe ndi manambala a m'mutu. Tengani masitetimenti a banki ndi a khadi a miyezi itatu yapitayi, muwerengere zimene munawonongadi pa chakudya, pa mayendedwe, pa zovala, pa kudya kunja. Mukapeza kuti chakudya chimadya 150 pamwezi, musaike 90 m'kathumba poganiza kuti mudzadziletsa. Kadzatha pakati pa mwezi, mudzatulutsa khadi, ndipo mudzati njirayi ndi yabodza. Mwezi woyamba chotsani 10 peresenti yokha, muone ngati mungakwanitse.

Zolipira zosasintha siziyenera kulowa m'chikwama. Lendi, magetsi, madzi, inshuwalansi ndi kubweza ngongole zipite kudzera kubanki, ndipo ngati n'kotheka zizichoka zokha tsiku lotsatira malipiro. Palibe amene amalipira lendi yoposa chifukwa chotengeka mtima, ndiye kashi sangakupulumutsireni kanthu pamenepo, angokuwonjezerani chiopsezo chonyamula ndalama zambiri. M'timatumba mulowe zinthu zimene mumasankha nokha tsiku ndi tsiku. Timatumba 4 mpaka 6 n'tokwanira. Amene amayamba ndi 12 amapezeka ali pamzere wolipirira ndi dengu limodzi lokhala ndi zinthu za timatumba titatu, anthu kumbuyo akudikira, ndipo sabata isanathe amasiya.

Chitsanzo cha malipiro a 1,000 msonkho utachotsedwa: 550 zolipira zosasintha, 150 kubweza ngongole, 60 kusungira zinthu zobwera kamodzi pachaka, ndipo 240 yotsalayo ndiyo ya chikwama. Mwa imeneyi, chakudya 130, mayendedwe 50, kudya kunja ndi zosangalatsa 25, zofunika za m'nyumba 20, zina ndi zina 15.

Kathumba ka chakudya kagaweni pa masabata, ndipo apa pali msampha. Mwezi ulibe masabata 4; pachaka pali masabata 52, ndiye mwezi umakhala ndi 4.33. Mukagawa 130 ndi 4 mupeza 32.5, ndipo mwezi umene uli ndi masiku asanu ogula zinthu, sabata yomaliza mudzapeza kathumba kali gwa. Chulukitsani 130 ndi 12, mugawe ndi 52, mupeza 30. M'miyezi ya masabata anayi mumatsala ndi 10, imene muyenera kuisiya momwemo chifukwa ndi imene imadzakwaniritsa miyezi ya masabata asanu.

Potapa ndalama, ganiziraninso mitundu yake. Makina a ATM amakonda kutulutsa ndalama zikuluzikulu zimene sizigawika bwino m'timatumba, choncho lembani pasadakhale kuti kathumba kalikonse kakufuna zingati za mtundu wanji, mukasinthe pa kauntala. Komabe musaphwanye zonse. Priya Raghubir ndi Joydeep Srivastava anaonetsa mu 2009 kuti anthu amavutika kuwononga ndalama imodzi yaikulu kuposa zing'onozing'ono zokwana chimodzimodzi. Ndalama za masabata akutsogolo zisiyeni zikuluzikulu, muziphwanya sabata yake ikafika. Tapani kamodzi kapena kawiri pamwezi pa makina a banki yanu kuti ndalama zolipirira kutapa zisadye phindu. Ndipo musayerekeze kudzaza timatumba ndi ndalama zotapa pa khadi la ngongole. Kutapa kotero kulibe masiku opanda chiwongoladzanja, makhadi ambiri amadula 3 mpaka 5 peresenti nthawi yomweyo, ndipo chiwongoladzanja chake chimakhala chokwera kuposa cha kugula wamba. Malire a ndalama amene banki yakupatsani pa khadi si ndalama zanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chimene chimapha njirayi mwakachetechete ndi chenji. Mwalipira ndi ndalama yaikulu, chenji mwaika m'thumba la malaya, madzulo mwagulira china, ndipo kakhadi kolembapo kakunena 22 pamene m'kathumba muli 15. Chenji ibwerere m'kathumba komwe ndalama inachoka, pomwepo, musanachoke pa kauntala. Chachiwiri ndi kubwerekana kwa timatumba. Kuchotsa 10 ku zosangalatsa kupititsa ku chakudya si mlandu, bola mulembe pa timakhadi tonse tiwiri ndipo musadzabweze kuchokera ku malipiro a mwezi wamawa. Kathumba kamodzi kakamabwereka miyezi itatu yotsatizana, ndiye kuti nambala yake ndi yolakwika, ikonzeni. Chachitatu ndi kugula pa intaneti, kumene kashi salowa. Sungani kathumba kamodzi kopanda kanthu kolembedwa kuti za kubanki. Mukagula chinthu pa intaneti ndi khadi lotapira ndalama zanu, chotsani ndalama yofanana m'kathumba koyenera, muike m'menemo, ndipo ikachuluka muibweze ku akaunti kapena muichotsere pa zimene mudzatape mwezi wotsatira. Popanda zimenezi, foni imasanduka khomo lakumbuyo limene ndalama zimatulukira chikwama chili chodzaza.

Palinso anthu amene kashi sawagwira mtima. Anazolowera kuona ndalama zawo ngati nambala ya pafoni, ndiye akangotapa, kwa iwo ndalamayo yapita kale ndipo amaimwaza mosawerenga. Chizindikiro chake n'chakuti timatumba timatha koma kakhadi kolembapo kalibe kanthu. Ngati zili choncho pakatha miyezi iwiri, akaunti yachiwiri yokhala ndi khadi lotapira ndalama zanu zokha, yopanda mwayi wotapa zoposa zimene zilimo, ingawathandize kuposa chikwama.

Kwa banja, chikwama chimodzi sichingakhale m'manja mwa anthu awiri nthawi imodzi. Chikhale kunyumba, ndipo aliyense azitenga ndalama za sabatayo m'chikwama chake chaching'ono. Langizo limeneli ndi la aliyense, ngakhale wokhala yekha. Chikwama chokhala ndi ndalama za mwezi wonse, cholembedwa bwinobwino kunja kuti bajeti, chikatsekulidwa m'sitolo chimaitana maso. Khadi likabedwa mumaimbira banki n'kulitseka. Kashi akabedwa kapena akapsa wapita. Inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba, kumene ilipo, kawirikawiri imabweza kashi wochepa kwambiri.

Pachifukwa chomwechi sitikugwirizana ndi chimene mavidiyo ambiri amaonetsa, chosunga m'timatumba ndalama za nthawi yaitali monga za ngozi zadzidzidzi, za ulendo kapena zogulira galimoto. Ndalama yogona m'pulasitiki siibereka, ndipo mitengo ya zinthu ikamakwera imachepa mphamvu mwezi ndi mwezi. Ndalama 60 ija ya zinthu zobwera kamodzi pachaka ikhale ku akaunti yosungira. Werengerani zonse za pachaka, monga laisensi ya galimoto, kukonzetsa zinthu ndi zofunika za sukulu, mugawe ndi 12. Zinthu zimenezi ndi zimene zimabweza anthu ambiri ku khadi, chifukwa zimabwera ngati zadzidzidzi pamene zinali zodziwika kale.

Kashi amakulandaninso chitetezo cha wogula, ndipo si nkhani yaing'ono. Mukalipira ndi khadi katundu n'kusafika, banki imatha kukubwezerani ndalama kuchokera kwa wogulitsa. Ku United Kingdom, gawo 75 la lamulo la ngongole la 1974 limachititsa kampani ya khadi kukhala ndi udindo limodzi ndi wogulitsa pa katundu woposa mapaundi 100 mpaka 30,000. Mahotela ndi obwereketsa magalimoto ambiri amafuna khadi ngati chikole, ndipo masitolo ena salandiranso kashi. Choncho pa katundu wamkulu, kapena wolipiriratu asanafike, khadi ndi labwino, bola ndalama yake ikhale ili kale ku akaunti ndipo muilipire tsiku lomwelo. Za mphoto zimene makhadi amapereka musadandaule nazo pamene muli ndi ngongole. Kubwezeredwa 1 kapena 2 peresenti ya zimene mwagula kumamezedwa ndi chiwongoladzanja cha mwezi umodzi wokha pa chitsanzo chathu chija.

Khadi lenilenilo musafulumire kulitseka. M'mayiko amene mabungwe amasunga mbiri ya mmene munthu amabwezera ngongole, kutseka khadi lakale kumatha kutsitsa mbiri yanu. Lichotseni m'chikwama cha tsiku ndi tsiku, fufutani nambala yake pafoni ndi m'masitolo a pa intaneti amene anaisunga, ndipo onani zolipira za mwezi ndi mwezi zimene zimachoka zokha pa khadilo, muzisamutse kapena muziletse. Konzani kuti malipiro ochepetsetsa azichoka okha kuti musalipire chindapusa chochedwa, kenako muziwonjezera pamwamba. Chilichonse chotsala m'timatumba kumapeto kwa mwezi, kupatula ka chakudya kaja, chipite ku ngongole tsiku lomwelo chisanapeze ntchito ina. Ngati makhadi ndi angapo, kuyamba ndi la chiwongoladzanja chokwera kumapulumutsa ndalama zambiri, pamene kuyamba ndi la ngongole yaing'ono kumalimbitsa mtima chifukwa limatha msanga. Ziwongoladzanja zikasiyana pang'ono, sankhani njira yachiwiriyi. Zikasiyana kwambiri, masamu apambane.

Nanga n'choyenera kugula? Maenvulopu asanu apepala amachita ntchito yomweyo, ndipo n'chanzeru kuyamba nawo mwezi umodzi kuti mudziwe timatumba timene mukufunadi. Chikwama chimaposa pepala pa zinthu zitatu: siching'ambika ndi kutsekulatsekula, ndalama zimaoneka osatsekula, ndipo zonse zimakhala pamodzi. Ameneyu ndi mwayi wokwanira kugula chotsika mtengo chokhala ndi timphete tokumana bwino. Zodula zokhala ndi zomata zokongola, timabuku ta mipikisano yosunga ndalama ndi ndalama zoseweretsa zoika m'malo mwa zenizeni sizikuwonjezerani kanthu pa ngongole yanu. Chikwamachi sichingathandizenso munthu amene zolipira zake zosasintha pamodzi ndi malipiro ochepetsetsa a ngongole zikuposa kale zimene amalandira, chifukwa palibe chotsala chogawa. Woteroyo alankhule ndi banki asanaphonye tsiku lolipira, apemphe kutsitsidwa kwa chiwongoladzanja kapena ndondomeko yobweza pang'onopang'ono, ndipo zimene agwirizanazo azilandire zolembedwa asanalipire chilichonse.